Amuna anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku UK: kodi ine ndi ana tingawalondole?

Nambewe, Area 25:
Ndikupempha nzeru kwa amene akuwadziwa bwino malamulo atsopano a ku UK. Amuna anga anapita ku Leeds mu Novembala 2023 kukagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ine ndinatsala kuno ndi ana awiri. Achemwali anga andiuza kuti tsopano munthu sangaitanitse mkazi wake ngati salandira mapaundi 29,000 pachaka, pamene malipiro a bambo a kunyumba sakufika pamenepo. Wamng'onoyu anamusiya akukwawa, lero akuyankhula, ndipo bambo ake amangowadziwira pa foni. Kodi khomo latsekekadi?

Bambo Phiri, Area 47:
Mayi, achemwali anuwo asakaniza malamulo awiri. Ndalama ya mapaundi 29,000, imene inakwera kuchoka pa 18,600 mu Epulo 2024, imakhudza nzika za dzikolo kapena anthu amene ali ndi chilolezo chokhalako mpaka kalekale akamaitanitsa mkazi kapena mwamuna wawo. Inu mukapita ngati a m'banja la munthu wa viza ya ntchito. Lamulo lokukhudzani ndi la pa 11 Malichi 2024, limene linaletsa osamalira okalamba kutenga mabanja awo, koma silinagwire amene anali kale pa vizayo tsikulo lisanafike. Popeza amuna anu anapita mu 2023, mwayi ulipo, malinga viza yawo sinadukizepo. Ndiponso a m'banja la munthu wa viza ya zaumoyo, imene osamalira okalamba amakhala nayo, salipira ndalama ya chipatala, imene ena amalipira mapaundi 1,035 pachaka. Konzekerani zokayezetsa TB, ndipo ngati ukwati wanu unathera pa chinkhoswe, pezani setifiketi yake msanga.

Nachisale, Kawale:
Ndikugwirizana ndi a Phiri, koma ndikupemphani kuti muyambe mwafunsa za abwana awo. Mlongo wanga anadzuka tsiku lina n'kumva kuti kampani imene inamuitanitsa yalandidwa laisensi yoitanitsira antchito ochokera kunja, ndipo anapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze ina. Tinali titagulitsa kale poloti kuti mlamu wanga akwere ndege. Amuna anu atsimikize kuti kampani yawo idakali pa mndandanda wa boma wa makampani ololedwa kuitanitsa antchito, inu musanagulitse ngakhale mbale.

Bambo Phiri, Area 47:
Zimenezo n'zoona. Ndiwonjezere kuti kuyambira pa 22 Julayi 2025 makampani sakuloledwanso kuitanitsa osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja, choncho aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti akugulitsani kalata ya ntchitoyi kuti mupite panokha akufuna kukudyerani ndalama.

Nambewe, Area 25:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhalako pansi. Setifiketi tili nayo, tinadalitsa ukwati ku tchalitchi. Usiku uno akaweruka ndiwauza kuti ayang'ane za laisensiyo.