Ndatsala ndi zaka 6 kuti ndipume pantchito, kodi ndigulitse masheya onse?

BamboAkeTadala:
Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse. Ndili ndi zaka 54 ndipo ndikufuna kudzapuma ndikadzakwanitsa 60. Kupatula penshoni ya kuntchito, ndakhala ndikugula masheya pang'onopang'ono kwa zaka 15, moti panopa ndi pafupifupi theka la zonse zomwe ndasunga. Ngongole ya nyumba yatsala zaka 3, ndipo mwana wathu wotsiriza akadali ku yunivesite.

Masiku ano tulo sindikutiona. Mitengo ya zinthu ikungokwera, andale akukokanakokana, zisankho zayandikira, aliyense akulonjeza zake pa nkhani ya misonkho. Pakati pa usiku ndimadzuka kuti ndione pa foni ngati masheya atsika, mpaka mayi a kunyumba ayamba kundibisira tchaja. Maganizo anga ndi oti ndigulitse zonse, ndalamazo zikhale ku banki, zinthu zikadzakhazikika ndidzagulenso. Alamu anga akuti ndigule golide. Alipo anadutsamo m'zoterezi?

MayiWaMaakaunti:
Bambo, mawu anu oti "zinthu zikadzakhazikika" ndi amene andiimitsa. Mudzadziwa bwanji kuti zakhazikika? Mu 2020, corona itangoyamba, masheya a makampani akuluakulu a ku America (S&P 500) anatsika ndi 34 peresenti kuchokera mu February kufika pa 23 March. Pofika August anali atabwerera pomwe anali, katemera kulibe, anthu akumwalirabe. Amene anagulitsa mu March n'kumadikira nkhani yabwino anadzagulanso modula zomwe anataya motchipa.

Ndalama yongokhala ku banki nayo imadyeka, kungoti siimveka phokoso. Tengani 72 mugawe ndi mlingo womwe mitengo ikukwerera pachaka. Ngati ndi 12 peresenti, yankho ndi 6, kutanthauza kuti m'zaka 6 zomwe mwatsala nazozo ndalama yanu idzagula theka la zomwe ikugula lero, pokhapokha chiwongola dzanja cha ku banki chikamathamanga nawo mpikisanowo. Kawirikawiri chimatsalira.

Ine ndikanagawa motere: ya fizi ya mwana, ya ngongole ya nyumba ndi yodyera zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mutapuma, imeneyo ichoke ku masheya ipite ku mabondi a boma a nthawi yochepa (kubwereketsa boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongola dzanja). Yotsalayo musaikhudze. Munthu wopuma pa 60 akhoza kukhala ndi moyo zaka zina 25, ndiye ndalama ina iyenera kumagwirabe ntchito.

Chikaiko77:
Mayi mwanena zoona, koma chitsanzo mwasankhacho ndi chokoma kwambiri. Pakati pa 2007 ndi 2009 msika womwewo unagwa kupitirira theka, ndipo unabwerera mu 2013. Ku Japan, Nikkei (muyezo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a kumeneko) inafika pachimake mu December 1989 n'kugwa, ndipo malo amenewo inadzawafikanso mu February 2024. Zaka 34! Munthu amene anali ndi zaka 54 panthawiyo anadikira mpaka 88, ngati anafikako.

Musamve ngati ndikuti thawirani ku banki. Ku Cyprus mu 2013 anthu omwe anali ndi ndalama zoposa mayuro 100,000 m'mabanki awiri akuluakulu anadulidwa, ndipo ku Greece mu 2015 munthu ankaloledwa kutapa mayuro 60 okha patsiku. Boma likapanikizika limagwira chomwe chili pafupi. Alamu anuwo muwauze kuti golide anafika madola 850 mu January 1980, kenako anatsika, ndipo mtengo umenewo anadzaufikanso mu 2008. Komanso golide sabereka, amangokhala.

Funso langa ndi ili achimwene: masheya anuwo ndi a makampani angati, ndipo ali m'mayiko angati?

AgogoOpuma:
Ine ndinapuma zaka 9 zapitazo, za ma Nikkei sindizidziwa bwino. Chomwe chinandipweteka sichinali msika kapena ndale. Nditalandira gawo la penshoni la nthawi imodzi, mnzanga wina yemwe tinagwira naye ntchito zaka zambiri anandilowetsa mu bizinezi yolonjeza 10 peresenti mwezi uliwonse. Miyezi inayi analipira bwinobwino, ndinawonjezera zina, wachisanu foni inasiya kulowa. Mantha omwe muli nawowa ndi amene anthu otere amanunkhiza, ndiye chenjerani ndi aliyense wobwera ndi mawu oti "kuno n'kotetezeka".

China, tengani kope mulembe zomwe mumagwiritsa ntchito pamwezi kwa miyezi itatu, osabisa kanthu, ngakhale zomwe mumatumizira abale. Ine ndinkaganiza kuti ndikapuma ndizidya zochepa. Ya mayendedwe inatsikadi, koma ya mankhwala inameza zonsezo, poti inshuwalansi ya kuntchito inathera pa geti tsiku lotsanzikana. Funsani lero ngati yanu idzapitirire.

BamboAkeTadala:
Zikomo nonse, makamaka agogo, za inshuwalansizo sindinaziganizireko n'komwe. A Chikaiko, funso lanu landichititsa manyazi. Ndawerengera madzulo ano: makampani ndi anayi, onse a dziko limodzi, ndipo magawo awiri mwa atatu ndi a kampani yomwe ndimagwirako ntchito. Ankatigulitsa motsitsa mtengo, ndiye ndinkangotenga chaka ndi chaka.

MayiWaMaakaunti:
Ndiyetu vuto lanu si zisankho, bambo. Malipiro anu ndi ndalama zomwe mwasunga zikudalira kampani imodzi. Kampani ya ku America ya Enron itagwa mu December 2001, antchito ake ambiri anataya ntchito ndi ndalama za penshoni nthawi imodzi chifukwa anaziika m'masheya a kampani yomweyo. Sindikuti yanu ikugwa. Koma yambani kuchepetsa amenewo, osati tsiku limodzi, mwina kagawo miyezi itatu iliyonse, n'kumaika m'thumba lomwe limagula masheya a makampani ambiri, a kunja omwe ngati malamulo akulola. Musanagulitse funsani zinthu ziwiri: msonkho wa phindu udzakhala wochuluka bwanji, komanso ngati masheya ogula motsitsawo alibe nthawi yoletsa kugulitsa. Oyendetsa thumbalo muwafunse amadula zingati pachaka, akulembereni papepala. Tchaja ija asiyireni mayi aisungebe.