Thandizeni kusankha makina opolishira galimoto: a 8mm, a 15mm kapena a magiya?

Wofunsa:

Zikomo akuluakulu a pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumapolisha magalimoto. Ine ntchito yanga ndi yotsuka magalimoto mkati ndi kunja, koma eni magalimoto akuda akumandifunsa kawirikawiri ngati ndingathe kuchotsa timizere tija timaoneka pa penti dzuwa likawomba, tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. Ndikapaka wax ndi manja timabisika, koma galimoto ikatsukidwa kangapo timaonekeranso. Ndiye ndaganiza zogula makina.

Rotary, makina amene amangozungulira basi, ndaiika kaye pambali chifukwa sindinaigwirepo, ndipo galimoto za eni ake si zophunzirirapo. Mtima uli pa dual action. Pamene pandivuta ndi apa: pali ena olembedwa 8mm monga Porter-Cable 7424XP, ena 15mm ndi 21mm monga Rupes BigFoot, ndiye palinso Flex XC 3401 amene akuti amayendera magiya. Ndalama yanga ndi ya makina amodzi okha. Nditenge ati oti ndiphunzirirepo komanso andigwirire ntchito ya makasitomala? Nanga mamilimita amenewa akuyeza chiyani kwenikweni?

Wopolisha wa nthawi yaitali:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagule. Dual action imayenda pawiri nthawi imodzi: padi, siponji kapena nsalu imene imakhudza penti, imazungulira, komanso mutu wonse umagwedezeka mozungulira pambali pang'ono. Mamilimita aja ndi kukula kwa kugwedezekako. A 8mm amagwedezeka pang'ono, a 21mm amatambasula kwambiri. Chifukwa padi sidutsa malo amodzimodzi mobwerezabwereza, penti sitentha msanga ngati mmene imachitira ndi rotary, ndipo sisiya mizere yonyezimira ija rotary imasiya ikakhala m'manja mwa munthu wosazolowera.

Ine ndikanati tengani a 15mm okhala ndi mbale (pomatira padi) ya 125mm. Amadya timizere mofulumira kuposa a 8mm, ndipo ngati ndi opangidwa bwino sanjenjemera kwambiri, moti mukagwira tsiku lonse manja sachita dzanzi. A 21mm ndi abwino pa denga, pa boneti ndi m'mbali mwa magalimoto akuluakulu a malo athyathyathya. Koma magalimoto a masiku ano ndi okhotakhota thupi lonse. Mukafika pokhota, m'mphepete mwa padi mumagwira, padi n'kusiya kuzungulira, n'kumangonjenjemera pamodzimodzi. Makina amakhala akulira, inu mukuona ngati ntchito ikuyenda, pamene penti sikusintha chilichonse.

Membala wina:

Pepani akulu, apo ine ndikusiyana nanu pang'ono. Zonse mwanena za 15mm ndi zoona, koma wofunsayu wanena kuti makina ndi amodzi basi. Makina a 15mm ndi 21mm ali ndi chitsulo cholemera mkati chimene anachiyezera mbale ya kukula kwake. Simungangochotsa mbaleyo n'kuikapo kakang'ono ka 75mm, amayamba kunjenjemera moipa. Ndiye bampa, mizati ya pakati pa magalasi, pansi pa zogwirira zitseko ndi pozungulira nambala adzapolisha ndi chiyani? Amene ali ndi 15mm ambiri amakhalanso ndi makina ena aang'ono a malo otere.

A 8mm amalola kusintha mbale. Pa chitseko muika ya 125mm, pa bampa ya 75mm, makina omwewo. Inde amachedwa, boneti imene mnzanu wa 15mm waimaliza inu mumakhala mudakali pakati. Koma ndi padi ya microfiber ndi compound yamphamvu (mankhwala opalira penti), monga Meguiar's M105 kapena Menzerna 400, amachotsa zambiri ndithu. Chinanso, akabwera ndi mbale ya 150mm musinthe muike ya 125mm. Padi yaikulu imalemera ndipo imaima msanga pa makina a mphamvu yochepa.

Ndipo musathere ndalama yonse pa makina. Padi imodzi simaliza galimoto. Ikadzaza mankhwala ndi fumbi la penti imatentha, imafewa, n'kusiya kudya. Pamafunika mapadi anayi kapena kuposerapo pa gawo lodya lokha, ena apadera omalizira, nsalu za microfiber zambiri, tepi ndi tochi yowala bwino. Munthu wa makina otchuka wokhala ndi mapadi awiri amapambanidwa ndi wa makina wamba wokhala ndi mapadi okwanira.

Wopenta magalimoto:

Ine ndimalandira magalimoto amene penti yake yaonongeka ndi makina, ndiye ndiloleni ndinene mbali imeneyi. Mawu akuti dual action singaotche penti asakupusitseni. Imavuta kuotcha poyerekeza ndi rotary, koma imaotcha. Kupolisha ndi kupala clear coat, penti yopanda mtundu ya pamwamba penipeni, kuti itsike mpaka ifanane ndi pansi pa kamzere. Penti yonse ya ku fakitale, kuyambira primer mpaka pamwamba, nthawi zambiri imakhala pakati pa ma micron 100 ndi 180 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), ndipo clear coat yokha ndi ma micron 35 mpaka 50 chabe. Imene mwapala sibwereranso. Mukaboola, palibe mankhwala okonzera, mpaka kupenta chitseko chonse.

Malo oopsa ndi m'mphepete mwa boneti ndi zitseko, ndi pa mizere yotukuka ya thupi la galimoto, chifukwa penti imakhala yopyapyala pamenepo. Matani tepi. Mabampa a pulasitiki nawo samwaza kutentha ngati chitsulo, musakhalitsepo. Kamzere kalikonse kamene chikhadabo chikukodwa mukachidutsitsa, dziwani kuti kazama. Mukhoza kukachepetsa kuonekera, koma osakakamira kuti kathe. Mufotokozereni mwini galimoto musanayambe.

Mukaona padi yatenga mtundu wa galimoto, pali ziwiri: mwina penti yake ndi yachikale yopanda clear coat, kapena mwaboola. Imani kaye muone. Ngati mudzagwira za makasitomala kwa nthawi yaitali, kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti kadzakuthandizani kudziwa malo amene anapentedwapo kachiwiri kapena amene ena anapalapo kale.

Membala wogwiritsa Flex:

Poti mwatchula XC 3401, ine ndi imene ndimagwiritsa. Magiya ake amakakamiza padi kuzungulira, ndiye kaya pokhota kaya mwapanikiza, siima. Pa penti yolimba imagwira ntchito yaikulu. Vuto lake imakoka. Padi ikangopendekeka pang'ono makina amathawira mbali, ndiye mumalimbana nawo, ndipo m'mbali mwa galimoto mapewa amatopa. Komanso kuima kwa padi kuja anzangawa akudandaula ndi kumene kumateteza wophunzira, pamene ya magiya ilibe chitetezo chimenecho. Sindingakulangizeni kuyambira pamenepa. Kapena muone Makita PO5000C, imene ili ndi kosinthira kuti iyende momasuka kapena mokakamiza.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa nkhani ya mbale ndi bampa. Ndifunsenso ziwiri. Ndikuona makina ena osatchuka alembedwa 900W kapena kuposa, pamene Rupes ya 15mm ndi 500W yokha. Kodi a mawati ambiriwo ndiye amphamvu? Chachiwiri, wina wandiuza kuti ndingoika siponji pa grinder imene ndili nayo kale. Zingatheke?

Wopolisha wa nthawi yaitali:

Grinder ayi, achimwene, chonde musayese. Grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, pamene rotary yopolishira nthawi zambiri sipitirira 3,000, ndipo pogwira ntchito timaiyendetsa pansi kwambiri pa pamenepo. Penti ipsa musanaphethire, padi nayo ikhoza kung'ambika n'kukuvulazani.

Za mawati, nambalayo ikunena magetsi amene mota ikudya, osati ntchito imene ikufika pa penti. Chofunika n'chakuti liwiro lisatsike mukapanikiza. Ngati mungathe kuwagwira musanagule, yatsani mumve kunjenjemera kwake ndi phokoso, muone ngati amayamba pang'onopang'ono osamwaza mankhwala, ndiponso ngati waya wake ndi wautali mokwanira kuukoleka paphewa kuti usamakhudze galimoto. Funsani ngati mabulashi a mota ndi mbale zosinthira zimapezeka. Onetsetsaninso mavoti: makina opangidwira msika wa ku America amakhala a 120V, ndipo mukawalumikiza ku magetsi a 230V mota imapsa. A batire ndi osangalatsa kugwira, koma pa galimoto yonse mufunika mabatire awiri osinthana.

Pa mfundo ya mnzangayu ya 8mm, ndavomera. Kwa munthu wa makina amodzi, kusintha mbale n'kofunika kuposa liwiro. A 15mm mudzagule ntchito ikachuluka, a 8mm aja adzatsale a mbale yaing'ono.

Wofunsa:

Basi nditenga a 8mm ndi mbale ziwiri, yotsalayo ipite ku mapadi ndi mankhwala. Ndiyamba kuphunzirira pa boneti yakale yotayidwa. Komano pa galimoto yakuda ndiyambe ndi padi iti? Mitundu ya mapadi ikundisokoneza.

Membala wina:

Mtundu musaukhulupirire, kampani iliyonse ili ndi mitundu yake. Yachikasu ya kampani ina ndi yodya, ya kampani ina ndi yomalizira. Werengani zolembedwa pa paketi.

Galimoto muitsuke bwino, mudutsitse clay, kadongo kapadera koyeretsera penti, kuti tinthu tomatirira tichoke, apo ayi padi idzatola mchenga n'kukala penti. Kenako sankhani kamalo ka masentimita 40 mbali zonse, muyambe ndi padi ya siponji yapakatikati ndi polish yofewa monga M205. Magalimoto akuda ambiri a ku Japan amakhala ndi penti yofewa, moti zimenezi zokha zikhoza kukwana, pamene ambiri a ku Germany penti yake imalimba ndipo imafuna compound. Madontho atatu kapena anayi pa padi, mwazani pa liwiro lotsika, kenako kwezani kosinthira liwiro kafike pa 4 kapena 5. Dzanja liziyenda pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, padi itagona yonse pa penti. Yatsani ndi kuzimitsa makina padi ili pa galimoto.

Jambulani kamzere ndi cholembera chakuda m'mbali mwa mbale. Kakamazungulira ndiye kuti padi ikugwira ntchito, kakaima chepetsani kupanikiza kapena wongolani makina. Mukamaliza kamaloko pukutani ndi mankhwala ochotsa mafuta a polish, chifukwa mafutawo amabisa timizere, ndiye muunike ndi tochi. Ngati tachoka, galimoto yonse muyende ndi padi ndi mankhwala omwewo. Ngati tatsala, sinthani chimodzi chokha, padi kapena mankhwala, muyesenso pa kamalo kena pambali pake.