Makina otsitsira katundu pa mapaleti: ndigule kapena ndizingolipira aganyu?

Bambo a Chisomo, Southerton
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene zimenezi munazigwirapo. Holoselo yanga kuno ku Harare tsopano ikulandira mafuta ophikira, shuga ndi mpunga zili pa mapaleti (matabwa aja osanjapo katundu), zokulungidwa ndi pulasitiki. Thiraki ikafika timang'amba pulasitikiyo, anyamata n'kumatsitsa katoni imodziimodzi. Dzuwa limapendeka tisanamalize, dalaivala ali piii pa hutala, makatoni ena aphwanyika mafuta ali chuchuchu pansi. Pali munthu ku Msasa akugulitsa fokolifiti (galimoto ya mafoloko yonyamula mapaleti) ya dizilo ya matani 2.5, yogwirapo kale ntchito, akuti $9,500. Wina wandionetsa pa foni makina aja oyamwa makatoni ndi mpweya n'kumawachotsa okha pa paleti. Pa ziwirizi chilipo choyenera kugula?

aNgozo a ku Mbare
Musagule. Ndatha.

Mayi a Tadala
Aaa aNgozo, munthu wafunsa mwaulemu, fotokozani bwino.

aNgozo a ku Mbare
Mukufuna ndifotokoze, chabwino. Ine ndinagula kwa mkulu wina wa yadi ku Graniteside. Penti yatsopano mbee, mpando watsopano, mita ikuonetsa maola ochepa. Anailiza pamaso panga, inanyamula paleti ya simenti bwinobwino. Itafika kwanga, m'mawa ndikupeza pansi pali dziwe la mafuta a haidiroliki, mafoloko atsika okha usiku. Makaniko atatsegula anapeza giyabokosi yathiridwa mafuta olimba kuti isamveke kulira, mita ija ndi yochotsa pa ina. Ndikubwerera kwa mkulu uja akuti munagula mutaona. Lero nambala yake siikupezekanso, yadiyo akugulitsiramo matayala anthu ena. $8,000 yanga inapita choncho. Ndalama imeneyo ndinali nditasonkhanitsa kuti ndikamalize nyumba kumudzi ku Dedza. Anthu ogulitsa zakalezi ndi akuba, onse.

Mdala wa ku Willowvale
Pepani aNgozo koma vuto ndi kukonda zotchipa. Ine ndili nazo ziwiri, za Toyota, ndinakazitenga ndekha ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge mapepala onse ali m'manja. Thiraki ya matani 30 kwanga ikaima, tiyi asanazizire imakhala yatha. Madalaivala amachita kulimbirana kubwera kwanga. Chaka chino ndikufuna yachitatu.

Kamnyamata ka Highfield
Tiyi wake wa mu fulasiki kapena, mdala? 😂

Mdala wa ku Willowvale
Bwera udzaone, mwana iwe.

Mayi a Tadala
Ine sindikumvetsa chifukwa chotayira masauzande. Gulani jeki ya mapaleti, ija yopopa ndi dzanja. Yanga ndinagula $320 m'tauni, imakoka matani awiri ndi theka, siimwa dizilo, siifuna magetsi, mtsikana wanga wa pa kauntala amaikoka yekha. Yotsalayo onjezerani katundu m'shopu.

aPhiri a Magetsi
Mayi, jekiyo ndi yabwino koma siyankha funso la abambowa. Imakweza paleti masentimita 20 okha, yongokwanira kuti paleti ichoke pansi muikoke. Thiraki kumbuyo kwake ndi kotalika kupitirira mita imodzi. Paletiyo itsika bwanji? Pokhapokha ngati ali ndi khonde lokwera lofanana ndi thiraki, kapena thiraki yake ndi ija yokhala ndi chitseko chotsika chokha kumbuyo.

Bambo a Chisomo, za makina oyamwa aja ndiyankhe ine poti ndi ntchito yanga, ndimawakonza m'fakitale ya zakumwa. Iwalani. Alipo amitundu iwiri amene ndimawadziwa. Ena amakweza paleti pang'onopang'ono, chitsulo n'kumakankha mzere wonse wa mabotolo kapena zitini kupita pa lamba. Ena ndi mkono wa loboti wokhala ndi timakapu ta labala toyamwa katoni. Onsewa amafuna magetsi a three phase, kompulesa yopereka mpweya wosadukiza, lamba wolandira katunduyo, ndi mpanda kuti munthu asayandikire. Chachikulu, amafuna katundu wofanana tsiku lonse. Inu paleti iyi ndi makatoni a mafuta, inayo mabelo a shuga a pulasitiki, inayo matumba a mpunga ofewa. Katoni ikanyowa pang'ono kapena tepi ikamatuka, kapu ija imayamwa chivindikiro chokha, mabotolo n'kutsalira kapena kugwera pansi. Ndipo makinawo sakwera m'thiraki. Paleti imayenera kubweretsedwa pamene aima, ndiye kuti fokolifiti mudzaifunabe. Amenewo ndi a fakitale yodzaza mabotolo masauzande pa ola, osati holoselo.

Bambo a Chisomo, Southerton
Zikomo aPhiri, apo ndamva. Mnyamata amene anandionetsa pa foni ananena kuti akhoza kuitanitsa ku China pa $6,000.

aPhiri a Magetsi
Pa mtengo umenewo ndiye kuti ndi chubu choyamwa chija chopachika pa mkono wachitsulo, munthu amachigwira ndi manja n'kunyamula thumba limodzilimodzi. Chimapulumutsa msana, koma sichitsitsa paleti. Mufunseninso ngati mtengowo ukuphatikiza sitima mpaka ku Beira, thiraki yodzera pa Forbes ku Mutare, ndi msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe kuno.

aNgozo a ku Mbare
Ameneyonso ndi wakuba. Mudzandiuza.

aNabanda a ku Epworth
Nonse mukukamba za makina, palibe akukamba za anthu. Anyamata amene amatsitsa katundu ku Southerton, ku Workington, ku Mbare Musika, ambiri ndi ana athu omwe. Agogo awo anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi, ena mpaka lero chitupa chikuwavuta, ntchito ya mu ofesi sangaipeze. Ganyu yotsitsa ndi imene ikulipira lendi. Mlongo wanga amadzuka mdima ulipo kukadikira mathiraki pa geti. Bambo a Chisomo mukagula chimenecho, anyamata anu aja mukawauza kuti chiyani? Ndipo maliro akagwa pakhomo panu, amene amakumba manda ndi omwewo, si fokolifiti.

Mdala wa ku Willowvale
Bizinesi si tchalitchi, mayi.

aNabanda a ku Epworth
Inu ndiye ndimakudziwani kale, simundidabwitsa.

Mlongo wa ku Mufakose
Achemwali aNabanda ndikukumvani, koma onaninso mbali ina. Bambo anga ananyamula matumba a makilogalamu 50 moyo wawo wonse. Lero kuti adzuke pa mphasa timachita kuwagwira awiri. Thiraki imodzi ya matani 30 ndi matumba 600, pamutu ndi pamsana pa anthu. Ndalama ya ganyu imathera tsiku lomwelo, msana umatsala ukuwawa mpaka ukalamba. Komanso fokolifiti imangotsitsa paleti n'kuiika pansi. Kumasula, kusanja m'mashelefu, kukweza m'galimoto za makasitomala, zonsezo ndi manja. Mutengepo mmodzi mwa anyamatawo mukamuphunzitse kuyendetsa apeze setifiketi, mwamupatsa ntchito ya moyo wonse.

Kamnyamata ka Highfield
Ine ndilipo ngati mukufuna dalaivala. Ndimayendetsa kombi.

aPhiri a Magetsi
Kombi ndi zina mphwanga. Fokolifiti imakhota ndi matayala akumbuyo, thako lake limazungulira kumene sukuyembekeza, ndipo ukakhota mafoloko ali m'mwamba imagwa cham'mbali. Munthu akavulala pantchito a NSSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha ogwira ntchito, amabwera kudzafunsa, ndipo woyankha ndi mwini malo.

Che Bwana a Simenti
Salaam abale. $9,500 yachuluka. Ya matani atatu ya Heli, ya ku China, mnzanga anagula $7,000 mwezi wathawu.

Mdala wa ku Willowvale
$7,000 ndi mtengo wa chitsulo chokagulitsa pa sikelo. Yabwino yogwirapo ntchito siitsika pa $14,000.

Che Bwana a Simenti
Ikugwira ntchito mpaka lero, mdala. Sikuti chilichonse chikhale Toyota. Masipeyala a za ku China akupezeka, ndipo injini zake makaniko aliyense wa ku Gazaland amazimasula.

Mayi a Tadala
Mitengo yonseyi ndi ya madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe? Ndifunse poti ena amakutchulira mtengo wina, ukati ndilipira pa swipe ndi khadi la kubanki nkhope yasintha.

Che Bwana a Simenti
Mayi, ZiG inabwera mu April 2024, koma wogulitsa makina amene ndinamuonapo akuilandira mosangalala sindinakumane naye. Konzani madola, osang'ambika.

Malume a ku Dzivarasekwa
Bwanji osangochita hayala? Ine thiraki ikamabwera ndimaimbira munthu, amabwera ndi yake ndi dalaivala wake, $30 pa ola. Ikaonongeka ndi zake, dizilo ndi wake. Ngati mathiraki anu amabwera kawiri kapena katatu pa mwezi, chitsulo cha $9,500 chizingokhala padzuwa chikuchita dzimbiri. Werengerani kaye kuti pa mwezi aganyu mumawalipira zingati, makatoni ophwanyika ndi a ndalama zingati, kenako muone kuti ndalamayo ibwerera chaka chiti.

aNgozo a ku Mbare
$30 kuti? Ine ananditchula $60, kuonjezapo ya thiraki yoinyamulira, ndipo akuti ngakhale igwire mphindi khumi ndilipire maola anayi.

Malume a ku Dzivarasekwa
Wanga ali pafupi, amangoiyendetsa pamsewu.

aNgozo a ku Mbare
Tsiku lina apolisi adzakuuzani mtengo wake weniweni.

aPhiri a Magetsi
Funso limene palibe wafunsa: Bambo a Chisomo, pansi panu ndi potani? Pabwalo pamene thiraki imaima pali konkire kapena dothi? Fokolifiti ya matani 2.5 payokha imalemera pafupifupi matani anayi, kuonjezapo katundu. Mvula ikayamba mu November, pa dothi lofiira lija imatitimira pomwepo, makamaka ya matayala olimba opanda mpweya. Konkire yopyapyala imaswa. M'kati mwa sitolo imafuna mpata wa mamita anayi kuti itembenuke ndi paleti ya 1.2 m kwa 1 m. Yezani chitseko, yezaninso denga. Chinanso, matani 2.5 olembedwa pa chitsulo chake ndi a katundu amene kulemera kwake kuli pafupi, theka la mita kuchokera pamsana pa mafoloko. Mukafuna kutola paleti ya mbali ya kutali ya thiraki ndi mafoloko owonjezera, mphamvu imatsika kwambiri, matayala akumbuyo amanyamuka.

Utsi wa dizilo m'nyumba yotseka momwe muli shuga ndi mpunga si wabwino, kwa anthu ndi kwa katundu yemwe. M'kati anthu amakonda ya gasi kapena ya batire.

Mayi a Tadala
Ya batire ndi magetsi athuwa? Mu 2024 madzi atatsika ku Kariba tinkawaona pakati pa usiku okha. Muzidzuka 11 koloko kukatchaja?

Mdala wa ku Willowvale
Kwanga kuli sola ndi jenereta, sindidziwa zoti magetsi amathima.

Kamnyamata ka Highfield
Mdala kwanu kulinso mtsinje wanuwanu eti?

Mlongo wa ku Mufakose
Pakati pa jeki ya Mayi a Tadala ndi fokolifiti palinso china, stacker yopopa ndi phazi. Imanyamula tani imodzi mpaka mamita 1.6, ndiye pa thiraki imafika. Kuntchito kwathu ilipo. Koma miyendo yake imayenera kulowa pansi pa thiraki, pansi pakhale posalala, ndipo paleti ya thabwa pansi mbali zonse imavuta kuikhazika poti miyendo ija imatsekereza. Pa paleti yolemera amuna awiri amatuluka thukuta ndithu.

Malume a ku Dzivarasekwa
Kapena pitani ku Siyaso ku Magaba akakuwotchelereni chimango chachitsulo, mupachikepo chain block, tcheni chija chokwezera zolemera. Ndi $400 mwatha.

aPhiri a Magetsi
Malume, chimango chowotcherera ndi maso chopanda woyeza, tani imodzi ili m'mwamba, mwana wa munthu ali pansi pake? Ayi, chimenecho musawauze.

Malume a ku Dzivarasekwa
Injini za mabasi amazitsitsa ndi chiyani ku Magabako? Inu ophunzira mumaopa chilichonse.

Mai Vee, Glen View
Pepani kulowerera. Bambo a Chisomo, mapaleti mukatsitsa mumawatani? Amuna anga amapanga mipando ku Area 8, tingamagule.

Bambo a Chisomo, Southerton
Oyera aja tikhoza kukambirana mayi. Abuluu ndi a CHEP, ndi obwereka, amawerengedwa ndipo amabwerera ndi thiraki. Likasowa limodzi amandidula ndalama.

Mai Vee, Glen View
Oyerawo zingati limodzi?

aNabanda a ku Epworth
Funso langa silinayankhidwe.

Bambo a Chisomo, Southerton
Mayi aNabanda sindinakunyozeni. Anyamatawa ena ndinawadziwa ali ana, mayi awo timapemphera limodzi. Sindikufuna kuchotsa munthu. Chimene chikundiwawa ndi chakuti kampani yobweretsa katundu yayamba kundilipiritsa thiraki ikachedwa pa geti, ndipo sabata yatha mnyamata mmodzi anatsetsereka pa mafuta otayika ali ndi katoni pamutu, mwayi sanathyoke. Pabwalo aPhiri ndi dothi, konkire ili m'kati mokha, chitseko ndi mamita atatu. Mathiraki amabwera sabata iliyonse, nyengo ya Khirisimasi kuposa apo.

aPhiri a Magetsi
Ndiye yambani ndi konkire pabwalopo, yokhuthala, ya waya m'kati. Popanda imeneyo chilichonse mwa izi ndi kutaya ndalama. Ya ku Msasayo mukapite ndi makaniko wanu, m'mawa injini isanalizidwe. Muikweze paleti yolemera m'mwamba, muzimitse, mudikire muone ngati ikutsika yokha. Muone matcheni, muone ming'alu pa chidendene cha mafoloko, muyendetse kutsogolo ndi kumbuyo itatentha.

Che Bwana a Simenti
Simenti ya konkireyo mudzagule kwa ine, ndikuchotserani.

Mdala wa ku Willowvale
Onjezani ndalama mugule yatsopano basi. Zinazi ndi zocheza.

Mayi a Tadala
Jeki. $320.

aNgozo a ku Mbare
Ngati mwalimbikira kugula ya ku Msasayo, yanga ija ikadali kuseli kwa nyumba, matayala ndi mafoloko ndi abwino. Mudzafuna masipeyala posachedwa. Ndipatseni $1,500 mudzaikoke nokha.