Njira yabwino ya njinga kuchoka ku Chilomoni kupita ku Limbe ndi iti?

Abale anga a mu Blantyre, ndithandizeni nzeru. Mtengo wa minibasi wandikwana, ndiye ndagula njinga yakapalasa yoti ndizipitira kuntchito ku Limbe. Ndimalowa 7:30 m'mawa.

Lolemba ndinayesa kudzera mu Chipembere Highway, koma pa raundabauti ya ku Chichiri minibasi ina inangokhota osapereka sigino, galasi lake n'kundikhudza pachigongono. Mpaka pano mtima sunakhale pansi. Mnzanga akuti ndizidzera Kenyatta Drive, cha ku Chitawira, koma zitunda zake ndikuziopa. Sindifuna kufika muofesi malaya ali chonyowa ndi thukuta.

Inu amene mumapalasa tsiku lililonse, mumadzera kuti? Ndizinyamuka nthawi yanji? Nanga madzulo mdima ukagwa, tochi ya kutsogolo yokha ikukwanira?