Tingawalimbikitse bwanji aphunzitsi kugwiritsa ntchito intaneti?

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Chigawo cha Kum'mawa, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chipata, ndipo ahedi andipatsa udindo wothandiza anzanga kuti ayambe kudalira intaneti pokonza maphunziro.

Chiyambire pamene phunziro la Computer Studies linalowa m'masukulu, ambiri amaona ngati makompyuta ndi a mphunzitsi wa phunzirolo yekha, chonsecho uthenga wa maliro kapena wa chilimba umafika kwa onse pa WhatsApp m'kanthawi kochepa. Ndikawapempha kuti aike mapulani awo pa Google Drive (malo osungirapo mafayilo pa intaneti), kapena alembe mwachidule momwe anaphunzitsira mutu wovuta kuti mnzawo wa ku Chadiza kapena ku Lundazi apindule nawo, amadandaula za mtengo wa mabandulo ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo madandaulowo ndi oona. Chimene chikundivuta kwambiri n'chakuti achikulire ena amaopa kulakwitsa pamaso pa achinyamata, motero amangokhala chete.

Kodi ndi bwino kuphunzitsa onse pamodzi pa misonkhano ya CPD (yothandiza aphunzitsi kuwonjezera luso pa ntchito yawo), kapena kuyamba ndi awiri atatu amene ali ndi chidwi? Nanga nkhani ya mabandulo munaithetsa bwanji popanda kulemetsa makolo?