Zina Zokhudza Kachilombo Kowotcha Khungu ka ku Angónia

Mwezi watha ndinafunsa ngati kachilombo kofiira ndi kwakuda kamene kamabwera pa magetsi usiku ku Ulongué, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi mtundu wa nyerere, popeza ambiri kuno amatero. Tsopano nditakaonetsetsa pa galasi lokuzira zinthu, ndinganene kuti si nyerere ayi, koma ndi kachikumbu ka m'banja la Staphylinidae, limene lili ndi mitundu yoposa 60,000 yodziwika, ndipo maonekedwe ake akugwirizana ndi gulu la Paederus, lomwe katswiri wa tizilombo Fabricius analitcha dzinali mu 1775.

Chimene chimasokoneza anthu ndi mapiko. Zikumbu zambiri zili ndi mapiko olimba ophimba msana wonse, koma pa kameneka ndi aafupi kwambiri, obiriwira monyezimira, moti mimba yaitaliyo imakhala poyera ndipo imapindikira m'mwamba kakadzidzimuka. Mapiko ouluka nawo amapindidwa mwaluso pansi pa aafupiwo. Chiuno chopyapyala cha nyerere kalibe.

Sikaluma, ngakhale mabala ake amaoneka ngati a moto. Poizoni wotchedwa pederin ali m'madzi a m'thupi mwake, ndipo amatuluka munthu akakaphwanyira pakhungu. N'chifukwa chake ndi bwino kukauzira kapena kukachotsa ndi pepala, kenako n'kusamba ndi sopo.

Kusiyanitsa mitundu ya m'gulu limeneli ndi ntchito ina, chifukwa yambiri imafanana maonekedwe a thupi, ndipo akatswiri akamafotokoza mtundu watsopano amadalira kwambiri kapangidwe ka chiwalo choberekera cha kachikumbu kakamuna, chimene amachiona pa maikulosikopu.