Ndithandizeni: akuda amene anapeka nyimbo za classical, ana ndiwauze chani?

Wobisa dzina: Moni nonse, a admin chonde dzina mubise. Ndili ku UK kuno, a komiti ya kutchalitchi kwathu andipatsa Loweruka limodzi mu October, paja ndi Black History Month, kuti ndicheze ndi ana za akuda amene anapeka nyimbo za classical, zija za violin ndi piano. Andisankha poti mwana wanga amaphunzira violin basi, inetu manotsi sindiwerenga. Komiti yomweyi chaka chatha ndinagula ma drinks ndi ndalama zanga mpaka pano zii, holo yake yozizira heater sanakonzebe, kuntchito nako andiika ma night sabata imeneyo. Koma chikundiwawa kwambiri mwana anandifunsa kuti mami kodi akudafe sitipeka zimenezi? Poti m'buku lake muli a Bach ndi a Mozart okhaokha. Ndinasowa choyankha. Ndiyambire pati abale?

Mayi wa ku Croydon: Achemwali, anawo ndi a zaka zingati, amaimba zida kapena azingomvera? Yambani ndi Samuel Coleridge-Taylor, anabadwira ku London 1875, bambo ake a ku Sierra Leone, anakulira konkuno ku Croydon. Hiawatha's Wedding Feast yake makwaya anaiimba England yonse koma iye anaigulitsa 15 guineas basi (ndalama zakale za ku Britain), anamwalira 1912 ali ndi zaka 37.

Mkulu wa kwaya: VUTO LATHU NDI LIMENELI!! Mukukasaka akuda ku London pomwe Michael Sauka amene anapeka nyimbo ya fuko lathu ana anuwo sakumudziwa. Enoch Sontonga mphunzitsi wa ku Johannesburg anapeka nyimbo 1897, chuni chake a Zambia ndi Tanzania akuimbira fuko lawo mpaka lero. Ine ndinayamba kuphunzitsa kwaya enanu muli kumsana, doh re mi basi, violin wa chani?

Wa ku Area 25: kkkk mayi akubwezereni kaye za ma drinks, apo ayi ana akamvere kaseti

Bambo wa ana atatu: Zida zimenezi musandikumbutse. Ndinagulira wanga violin ya second hand, miyezi iwiri anaisiya m'basi, aphunzitsi nawo ndalama ya term anakana kubweza. Pano amamenya mpira, mtima wanga uli m'malo.

Mphunzitsi wa piano: Fufuzani BBC Ten Pieces, maphunziro a nyimbo za classical a pa intaneti, ndi zaulere komanso anakonzera ana asukulu. Muli Florence Price wa ku Arkansas, symphony yake inaimbidwa ndi Chicago Symphony Orchestra 1933, mayi wachikuda woyamba kuimbiridwa ndi orchestra yaikulu ku America. Mapepala a nyimbo zake ambiri anawapeza 2009 m'nyumba yosiyidwa ku Illinois, kunangotsala pang'ono kuti atayike. Aikireni gawo la symphony imeneyi lotchedwa Juba Dance, ana aziomba m'manja motsatira.

Mkulu wa kwaya: BBC ndiye ikuphunzitseni mbiri yanu? Dziwaninso kuti Beethoven naye anali wakuda, azungu anabisa!

Mphunzitsi wa piano: Ayi bambo, umboni wake palibe, ana tisawanamize. Wakuda anali George Bridgetower wa violin amene anaimba limodzi ndi Beethoven ku Vienna 1803. Alipo okwanira enieni, Joseph Bologne wobadwira ku Guadeloupe 1745, mayi ake anali kapolo, iyeyo ankatsogolera orchestra ku Paris komanso anali katswiri wa lupanga, anyamata nkhani imeneyi amaikonda.

Mkulu wa kwaya: INU MUNALIKO? Masukulu munapitawa ndi amene akusokonezani. Mwana amene satha kugwira alto osasochera musamamuuze za Paris!

Mayi wa ku Croydon: Abambo, mayiwa afunsa za classical, za kwaya tsegulani post yanu. Achemwali muwaonetsenso vidiyo ya Chineke! Orchestra pa YouTube, inayamba 2015, aone oimba ofanana nawo atagwira ma cello.

Wobisa dzina: Zikomo nonse ndalemba mainawo. Za ndalama zija msungichuma akuti risiti ndinataya ndine, pomwe ndinawapatsa pamanja pamaso pa anthu. Kodi zonsezi zingakwane mu ola limodzi?

Mayi wa ku Croydon: Zitengera msinkhu wa anawo, simunatiuzebe.

Mkulu wa kwaya: Ola limodzi ndi lokwanira ndime zitatu za nyimbo ya fuko, ma voice onse anayi. Nditumizireni inbox ndikupatseni solfa yake.